Digiri ya ku yunivesite ya mpingo ili m'manja: ku mishoni, ku boma, ku mabungwe kapena pawekha?

Pa gulu la WhatsApp la ife amene tinamaliza limodzi pa yunivesite ina ya mpingo, nkhani zabwino zimabwera ndi nkhope zodziwika. Uyu wakwezedwa, tsopano ndi wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sekondale ina kumpoto. Uyo wadzozedwa ubusa Lamulungu lapitali. Wina watumiza chithunzi ataima pa chipale ku Scotland, jekete lake lalikulu kuposa mwini wake. Tonse timathamangira kulemba kuti "Mulungu ndi wabwino" ndi kuika tizithunzi ta manja opemphera. Koma ambiri pa gululo salemba kanthu. Ena mwa osalembawo ndi amene zinthu zikuwayenderadi, akumanga mwakachetechete. Ena akadali pakhomo pa makolo chaka chachitatu, envelopu ya khaki yatha m'makona chifukwa choyenda nayo.

Ndikulembera mng'ono kapena mlongo amene wavula gauni posachedwa ku Nguludi, ku Khondowe, ku Ekwendeni, ku Lakeview, ku Malamulo, ku Nkhoma kapena pa imodzi mwa sukulu za mipingo za mu Lilongwe. Njira zimene anzathu anatenga ndi zowerengeka, ndipo ndaziona zonse pafupi. Poziyerekeza sindiyang'ana kwambiri malipiro a mwezi woyamba. Muyeso wanga ndi wakuti, zaka zisanu zikatha, mwatsala ndi chiyani m'manja chimene sichingathe tsiku limene ntchitoyo yatha?

Nkhaniyi si yachilendo. Dr Robert Laws atatsegula Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894, ophunzira ake anagawikana chimodzimodzi. David Kaunda anakhalabe mu ntchito ya mpingo, natumidwa ku Chinsali kukaphunzitsa ndi kulalikira, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Levi Mumba analowa m'nkhani za anthu ndi boma mpaka kukhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Clements Kadalie anatsika kummwera ndipo mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la ogwira ntchito la ICU, lomwe linagwedeza mabwana a ku South Africa. Sukulu imodzi, Baibulo limodzi, njira zitatu. Ife tangowonjezerapo mabungwe a mapulojekiti ndi masikolashipu.

Mapepala ayambe akhala bwino

Masukulu athuwa ndi ana poyerekeza ndi a boma. African Bible College (ABC) inatsegulidwa ku Lilongwe mu 1991, University of Livingstonia mu 2003, Catholic University ku Nguludi mu 2006, ya Assemblies of God mu 2013. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965. Wa ku Chancellor College akalowa mu ofesi ku Capital Hill amapezamo akuluakulu amene anagona hositelo imodzi ndi amalume ake. Inu mzere wa akulu anu ndi waufupi, oyambirira angofika kumene pa mipando yonona. Pepala lanu liyenera kudziyankhulira lokha.

Choyamba ndi National Council for Higher Education, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Kulembetsa sukulu n'kwina, kuvomereza maphunziro ake n'kwina, ndipo chivomerezocho chimaperekedwa pa pulogalamu iliyonse payokha. Sukulu itha kukhala ndi digiri ya uphunzitsi yovomerezeka pamene ina yatsopano ikadali pa mzere. Onani dzina la pulogalamu yanu pa mndandanda wa bungweli musanatumize kalata ngakhale imodzi, chifukwa boma, masikolashipu ndi mayunivesite akunja amayambira pomwepo.

Chachiwiri ndi chiphaso cha ntchito. Digiri ya unamwino sikulolani kugwira wodwala musanakhoze mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi. A zachipatala ndi a mu labotale amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Wa zamalamulo amadutsa ku Malawi Institute of Legal Education, kenako aloledwe ndi Jaji Wamkulu asanaime m'khoti. Wowerengera ndalama amalemekezeka pokhapokha akayamba kutsiriza mapepala a ukadaulo a mabungwe a owerengera ndalama, ICAM kapena ACCA. Pa gulu lathu la WhatsApp palibe amene amaimbidwa m'manja chifukwa chokhoza mayeso a khonsolo, koma kwa ine limenelo ndilo khwerero lalikulu kuposa giraduweshoni.

Ndipo ngati munatenga ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, musaiwale kuti ili ndi tsiku lake. Pali nthawi yopuma mukangomaliza, kenako abwana anu ali ndi udindo wokudulani pa malipiro. Iwerengereni pa ndalama iliyonse imene mukuyerekeza.

Kubwerera kwa amene anakulerani: zipatala, sukulu ndi ubusa

Njira iyi achinyamata ambiri amaiderera, poganiza kuti ndi ya olephera kupeza ntchito m'tauni. Ine ndimaiona ngati poyambira pabwino kuposa ponse kwa anamwino, a zachipatala ndi aphunzitsi, bola munthu alowe maso ali gwa.

Tiyambe ndi zipatala. Christian Health Association of Malawi (CHAM), yomwe inayamba mu 1966, imasonkhanitsa zipatala zazikulu ndi zazing'ono zoposa 150, ndipo zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Mwa izo muli Nkhoma ndi mbiri yake ya maso, Embangweni, Ekwendeni, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Muona, St Gabriel ku Namitete, Mlambe ku Lunzu, Malamulo ku Makwasa. Malipiro a ogwira ntchito ambiri m'zipatalazi amachokera ku boma kudzera mu mgwirizano wa mbali ziwirizi, kotero giredi yanu imatsata ya boma. Kusiyana kwake kuli pa udindo. Pa chipatala chachikulu cha m'tauni, namwino watsopano ndi mmodzi mwa khwimbi. Pa mishoni, chaka chachiwiri chisanathe mutha kupezeka mukuyang'anira wodi, mukulemba malipoti a mwezi, mukukhala pa msonkhano ndi a ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma, mukuphunzitsa ophunzira a pa koleji ya unamwino yomwe ili kuseri kwa mpanda. Kawirikawiri pamakhala nyumba ya lendi yochepa, ndipo kumudzi ndalama siituluka ngati madzi. Zaka zitatu zotero zimalemba pa CV zinthu zimene mnzanu wa m'tauni adzazipeza patapita zaka zisanu ndi ziwiri.

Kuipa kwake kulipo, ndipo ndisakubiseni. Makwerero ndi aafupi: pa chipatala chimodzi mipando yapamwamba ndi iwiri kapena itatu, ndipo okhalapo sachoka msanga. Ndalama yodutsa m'manja awiri nthawi zina imachedwa panjira. Chinanso, pa mishoni palibe malire pakati pa ntchito ndi moyo wanu. Amene amakulembani pa rositala ndi yemweyo amene amakhala kutsogolo m'tchalitchi Lamulungu, ndipo mlendo akagona kwanu, mmawa nkhani yafika kale kwa amvano. Mnzanga wina, mtsikana wakhama kwambiri, anachoka pa chipatala china cha mishoni osati chifukwa cha ntchito, koma chifukwa anatopa ndi kufunsidwa za ukwati ndi aliyense, kuyambira mlonda mpaka abusa. Kwa ena zimenezi ndi chitetezo, kwa ena ndi khola. Dzidziweni nokha.

Kwa a Seventh-day Adventist pali phindu lina limene a mipingo ina saliganizira. Kugwira ntchito ku Malamulo, ku sukulu za mpingo kapena ku ADRA, bungwe la chitukuko la mpingowo, kumachotsa mkangano wa Loweruka, umene m'makampani ambiri umayamba sabata yoyamba.

Aphunzitsi afunse funso limodzi asanasaine: ndani akundilipira? Pali sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, monga Marymount, Likuni, St Mary's ku Zomba, Robert Blake ku Kongwe, William Murray ku Nkhoma ndi Malosa, kumene aphunzitsi ambiri ndi a boma ndipo ali pa mndandanda wa malipiro a boma. Palinso sukulu za mpingo zoyendera fizi yokha, kumene malipiro amadalira kuchuluka kwa ana chaka chimenecho. Zonse ziwiri zili ndi mtanda pa chipata, koma ukalamba wanu sudzafanana. Pa sukulu ya fizi, funsani za penshoni mosachita manyazi. Lamulo limati wolemba ntchito aike 10 peresenti, inu 5 peresenti, ku thumba la penshoni. Mawu akuti "ndi utumiki, m'bale" ndi okoma, koma salipira lendi munthu akafika zaka 60.

Ubusa ndi nkhani ina. Digiri ya zaumulungu sikuveka munthu kolala. Mpingo uliwonse uli ndi khomo lake: mu CCAP munthu amadutsa m'mabwalo a mpingo ndi sinodi, aphunzire ku Zomba, ku Nkhoma kapena ku Ekwendeni, ayesedwe kaye asanadzozedwe, wa Katolika amadutsa zaka zambiri za seminale ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba, wa Anglican ali ndi koleji ya Leonard Kamungu ku Zomba komweko. Ndaona anyamata akuwerenga zaumulungu zaka zinayi poganiza kuti mpingo udzawapatsa ubusa, n'kupeza kuti sanadutse pa khomo loyenera. Kumbali ya ndalama, m'busa amadya zimene nkhosa zake zili nazo. Wa m'tauni ali ndi galimoto ndi nyumba. Wa kumudzi amadikira masika. Kuti njira imeneyi imafika patali, Dr Lazarus Chakwera ndi umboni: anatsogolera Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013, ndipo mu 2020 analowa ku State House. Koma munthu asalowe ubusa akuwerengera chitsanzo chimodzicho.

Amene anaphunzira utolankhani asaiwale wailesi za mipingo: Radio Maria, Radio Alinafe, Voice of Livingstonia, Trans World Radio, Luntha TV. Malipiro ndi ochepa, koma mumagwira maikolofoni, kamera ndi kompyuta yolumikizira nkhani mwezi woyamba womwe.

Boma: chimanga cha m'nkhokwe

Makolo ambiri akamapemphera kuti mwana apeze ntchito, m'mtima amatanthauza ya boma. Ali ndi chifukwa. Wa digiri amalowera pa Giredi I, imene akuluakulu amaitchulabe kuti PO, ndipo akatsimikizidwa pa ntchito, kumuchotsa si masewera. Pali penshoni, mabanki amamukhulupirira pa ngongole, ndipo pali mwayi wa tchuthi chokaphunzira ntchito ili chikhalire. Ichi chomalizachi anthu sachiwerengera mokwanira. Anzathu angapo amene lero ali ndi masitazi anaichita ali pa ntchito ya boma, mwezi ukatha kanthu kakulowa.

Vuto lili pa khomo ndi pa makwerero. Ntchito zimalengezedwa mwa apo ndi apo kudzera ku Civil Service Commission, Teaching Service Commission, Health Service Commission kapena ku makhonsolo, ndipo intavyu imodzi imadzaza holo ya sekondale. Mukalowa, mutha kukhala pa giredi yomweyo zaka zambiri, mukudikira kuti malo atseguke pamwamba. Malipiro amathamangitsana ndi mitengo koma saipeza: kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wa m'boma anamva kuwawa msanga. Ndipo boma limatumiza kumene lafuna. Wobadwira ku Ndirande atha kupezeka pa CDSS ya kumalire, kumene netiweki imagwira pa chulu chimodzi.

Pali yesero lina limene wa ku sukulu ya mpingo ayenera kulidziwiratu. M'maofesi ena moyo umazungulira pa alawansi, ndipo tsiku lina adzakupatsani pepala loti musainire msonkhano umene simunapiteko. Zimene munaphunzira m'kalasi ya chikhalidwe cha Chikhristu zimayesedwa pamenepo, Lachitatu masana, palibe kwaya.

Pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro kukazolowera ntchito m'maofesi, yomwe inayamba mu 2018, ndi yabwino kuilowa ngati palibe china. Kandalama kake ndi ka thiransipoti chabe ndipo siilonjeza ntchito, koma imakupatsani kalata ya umboni ndi mayina a anthu okuikirani kumbuyo.

Mabungwe: mvula yamphamvu, yosakhalitsa

Apa ndi pamene dzina la sukulu yanu limagwiradi ntchito. Mabungwe achikhristu monga World Vision, CADECOM, CCJP, CARD, ADRA, nthambi za chitukuko za masinodi, onsewa amamasuka ndi munthu wodziwa kuyankhula ndi abusa, mafumu ndi amayi a m'mudzi, ndipo ena amafunsa kalata yochokera ku mpingo wanu. Amene anaphunzira za chisamaliro cha anthu ku Nguludi, zaumoyo wa anthu kapena za chakudya ku Livingstonia, za chitukuko cha m'madera ku ABC, amagwera m'manja oyenera. Malipiro nthawi zambiri amaposa a boma, pali njinga yamoto kapena galimoto, ndipo mumaphunzira zinthu zogulika kulikonse: kulemba pempho la ndalama, kusunga bajeti, kutolera ndi kusanthula manambala, kulemba lipoti limene mzungu wa ku London angaliwerenge osafunsa kawiri.

Koma ntchito ya pulojekiti ili ndi tsiku lobadwa ndi tsiku lofa, zonse zolembedwa pa kontirakiti. Zimenezi tinkazidziwa ndi mutu wokha mpaka Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID. Anthu amene anali ndi ana ku sukulu zodula ndi ngongole ya galimoto analandira makalata m'masabata ochepa. Pa gulu lathu panali zii kwa mwezi wathunthu. Amene anadzuka msanga anali a mitundu iwiri: omwe anasunga chiphaso chawo cha khonsolo chili chamoyo, n'kubwerera ku wodi kapena m'kalasi, ndi omwe anaphunziradi luso la manambala kapena la ndalama. Amene luso lawo linali kuyendetsa misonkhano ya ku Mponela ndi ku Salima anavutika.

Ndiye langizo langa pa mabungwe ndi la msika: lowani, koma khalani ngati wolandira theka la zimene mukulandira. Theka linalo likhale poloti, mapepala a ukadaulo kapena mpamba.

Makampani

Pano sindichulutsa mawu, chifukwa nkhani yake ndi yachidule. Banki, kampani ya mafoni, ya inshuwalansi kapena ya owerengera ndalama siifunsa kuti mumapemphera kuti. Imafuna magiredi abwino, Chingerezi chomveka, kudziwa Excel, ndi kupirira mpaka usiku kumapeto kwa mwezi. Khomo lake ndi mayeso olemba ndi mapulogalamu a ophunzira ntchito, ndipo mumapikisana maso ndi maso ndi a ku mayunivesite a boma, a ku MUBAS ndi ku Zomba. Wa zamalonda kapena wa makompyuta amene wakhoza bwino asadzichepetse, ayese. Akalowa n'kumaliza mapepala a ICAM, pofika chaka chachisanu ndiye amakhala patsogolo pa tonse pa nkhani ya ndalama. Mtengo wake ndi nthawi: kwaya, mapemphero a pakati pa sabata ndi maliro a kumudzi zimayamba kuphonyedwa.

Kudzilemba ntchito

Pa mwambo uliwonse wopereka madigiri mlendo wolemekezeka amanena kuti musafune ntchito, pangani ntchito. Iye mwini akatero amakwera galimoto ya ku ofesi. Sindikunyoza bizinesi, ndikungoti isamatchulidwe ngati mankhwala a chifuwa.

Anzathu amene bizinesi yawayendera ali ndi mbiri yofanana: anayamba agwirapo ntchito penapake, anaphunzira pa ndalama za eni, n'kutsegula chinthu chogwirizana ndi luso lawo. Mphunzitsi wa masamu anayamba ndi ana asanu obwereza MSCE pakhonde, lero ali ndi makalasi anayi. Wa zachipatala anadikira zaka zimene khonsolo imafuna asanatsegule kachipatala kake. Amene anabwereka ndalama ya katapila sabata yotsatira giraduweshoni n'kuyamba kuoda kaunjika chifukwa mnansi akupindula, ambiri anatsala ndi mabelo a majuzi m'mwezi wa Okutobala.

Mpingo pano ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Umakupatsani makasitomala oyamba, oda ya mayunifolomu a kwaya, ya chakudya cha msonkhano wa chigawo. Umakupatsaninso angongole ovuta kuwalonjerera, chifukwa mkulu wa mpingo simungamutumire uthenga waukali. Lembetsani bizinesi, tengani nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, ndipo lembani chilichonse m'buku, ngakhale wogulayo ndi amene anakubatizani.

Masitazi ndi ulendo wa kunja

Kuthamangira masitazi chifukwa ntchito yasowa ndi kubisala mvula pansi pa mtengo wa papaya. Mumatuluka ndi mapepala awiri, opanda tsiku limodzi la ntchito, ndipo olemba ntchito amayamba kukuopani kuti mudzafuna zambiri. Ndimapatulako okhawo amene akufunadi kuphunzitsa pa yunivesite. Kwa iwo mwayi ulipo, chifukwa masukulu a mipingo akukula ndipo amakonda kutenga ana awo okhoza bwino kuti ayambe ngati othandizira aphunzitsi. Koma kuti mukhale lekichala weniweni masitazi ndi yofunika, ndipo mipando yapamwamba imafuna udokotala.

Masikolashipu abwino nawo amafuna kuti muyambe mwagwira ntchito. Chevening ya ku Britain imafuna zaka ziwiri za ntchito, zomwe amaziwerenga ngati maola 2,800, ndipo mukamaliza muyenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Palinso Commonwealth, Beit Trust yomwe imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndi DAAD ya ku Germany. Onsewa amafunsa chimodzi m'njira zosiyana: mwasinthapo chiyani kumene muli? Apa namwino wa ku Muona kapena mphunzitsi wa ku Embangweni ali ndi nkhani yogwira mtima kuposa wa mu ofesi ya m'tauni amene ntchito yake inali kusindikiza makalata. N'chifukwa china ndimakankhira anthu ku mishoni poyamba.

Kupita kukagwira ntchito kunja kuli ndi mitengo yake. Namwino wofuna ku Britain ayenera kukhoza mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, kenako mayeso a pa kompyuta ndi a manja a Nursing and Midwifery Council ya kumeneko. Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa mayiko osowa ogwira ntchito zaumoyo, choncho zipatala za ku Britain siziloledwa kubwera kudzakopa anthu kuno; munthu amafunsira yekha. Aliyense amene akukuuzani kuti ndi ejenti wa chipatala cha ku London, mumupatse mamiliyoni akukonzereni zonse, muthaweni ngakhale atayamba ndi pemphero. Ku South Africa digiri yanu iyenera kuyesedwa ndi SAQA, bungwe loyesa mapepala a maphunziro kumeneko, ndipo popanda chilolezo chogwirira ntchito, wa digiri ku Joni amapezeka akutchetcha kapinga limodzi ndi wa Sitandade 8. Ntchito za m'minda ya ku Israel, zomwe zinayamba kutenga achinyamata ambiri kumapeto kwa 2023, zapatsa ena mpamba, koma pa CV ya mphunzitsi siziwonjezerapo mzere.

Ndikanakhala inu

Wa unamwino, wa zachipatala, wa mu labotale: khozani mayeso a khonsolo, tengani malo aliwonse a CHAM kapena a boma ngakhale kutali, khalani zaka zitatu, kenako sankhani pakati pa sikolashipu, bungwe kapena kukwera pomwepo. Mphunzitsi: funsirani za boma nthawi iliyonse zikatuluka, koma podikira phunzitsani pa sukulu ya mpingo yolipira penshoni, ndipo sungani zotsatira za MSCE za ana anu chaka ndi chaka, chifukwa umenewo ndiwo umboni wanu. Wa zamalonda: kampani, ndi mapepala a ukadaulo kuyambira chaka choyamba, mutu ukadali wozolowera mayeso. Wa chitukuko ndi chisamaliro cha anthu: mabungwe, koma muphunzire manambala, musakhale wongodziwa kutsegula msonkhano ndi pemphero. Wa zaumulungu amene sanaitanidwe ku ubusa: onjezerani satifiketi ya uphunzitsi kapena ya uphungu mwamsanga, chifukwa digiri imeneyo payokha ili ndi makomo ochepa.

Mapanga awiri avumbwitsa, akulu anatero, koma pa nkhani ya ntchito ndaona ovumbwa ambiri ali ndi phanga limodzi. Njirazi zimalowana. Mnzathu amene lero akuyendetsa pulojekiti yaikulu ya zaumoyo anayambira pa kachipatala ka mishoni kopanda magetsi, anapita ku boma, anakachita masitazi, n'kulowa bungwe ali ndi zaka 34. Thandizo litadulidwa chaka chija, anakhala miyezi inayi akugwira mashifiti a usiku pa chipatala china cha m'tauni, chifukwa chiphaso chake anali kuchilipirira chaka chilichonse ngakhale pamene sankachigwiritsa ntchito. Zimenezo sanazilembe pa gulu. Tinazimva kwa mkazi wake, pa maliro ku Dowa.